Mtengo wa pa shelefu ndiwo mtengo wa pa till

Abale na alongo, makamaka inu anzanga acinyamata amene mumatumidwa kukagula vinthu mwezi ukatha, lelo tikambe za lisiti, kapepala kaja kamene ambili a ife timataya tisanafike na pa geti ya shopu.

Mukalowa mu mashopu akulu muno mu Lusaka, ku Chipata, ku Kabwe na kwina, mumalandilidwa na zikwangwani zofiila: special, promotion, gulani ziwili mulipile zocepa. Mwaona saladi yatsika mtengo, mwaika mu basiketi. Pa till makina alila, mwalipila, mwapita. Kunyumba ndiye mudabwa kuti cenji sicikwana. Mukayang'ana pa lisiti mupeza saladi ija yalowa pa mtengo wakale, ndipo discount imene inakukokani kulibe. Amai akufunsani kuti ndalama yapita kuti, inu mulibe yankho, mwina aganiza kuti mwagulilako airtime.

Ambili timati ni mistake cabe ya system, tiseka, taiwala. Ine nikuti ayi. Iyo ni ndalama yanu imene yatengedwa popanda cilolezo canu, ndipo lamulo la dziko lino liletsa zimenezi.

Tili na lamulo locedwa Competition and Consumer Protection Act, la nambala 24 la mu 2010. Ndime 51 ya lamuloli ikamba momveka kuti munthu kapena kampani sayenela kulipilitsa wogula ndalama yoposa mtengo umene walembedwa kapena kuonetsedwa pa katundu. Wophwanya ndime iyi angalipitsidwe faindi yofika pa 10 peresenti ya ndalama zonse zimene bizinesi yake yalowetsa pa caka. Ndime 47 iletsa kunamiza wogula, kuphatikizapo kunama pa nkhani ya mtengo. Ndime 48 iletsa vikwangwani vija vokana mlandu, monga vija vimene vimati katundu ukagulidwa sabwezedwa. Bungwe loyang'anila lamuloli ni CCPC, limene lili pansi pa unduna wa zamalonda. Conco mukaimilila pa till n'kunena kuti pa shelefu palembedwa mtengo wina, dziwani kuti mukamba cinthu cimene Nyumba ya Malamulo inavomeleza kale, ndipo simufunika kupempha cifundo kwa munthu aliyense.

Manje vimacitika bwanji? Makina a pa till saona kapepala ka pa shelefu. Amawelenga barcode, n'kutenga mtengo umene uli mu kompyuta ya shopu. Mtengo wa mu kompyuta nthawi zambili umasinthidwa ku ofesi ikulu, pamene kapepala ka pa shelefu kamasinthidwa na manja a wanchito. Promotion ikasila pa Sande usiku, kompyuta ibwelela ku mtengo wakale nthawi yomweyo, koma cikwangwani cofiila cingakhale pamenepo mpaka pa Citatu. Onse amene agula mu masiku atatu amenewo alipila mtengo umene sanauone. Nthawi zina promotion yayamba, zikwangwani zaikidwa, koma mu kompyuta simunalowe kanthu. Nthawi zina special ili pa botolo ya malita awili ya mtundu umodzi, koma cikwangwani caikidwa pansi pa mabotolo a mtundu wina ofanana nayo. Palinso mitengo ija yolembedwa na manambala akulu, koma pansi pake pali tumalembo tung'onotung'ono tokamba kuti ni ya anthu okhala na khadi ya shopu cabe. Ndipo pali "gulani ziwili" imene siigwila ngati mwatenga sopo imodzi yobiliwila, ina yoyela.

Zonsezi zili m'manja mwa shopu. Wogula sasintha mtengo mu kompyuta, saika cikwangwani, sasankha kukula kwa malembo. Nanga n'cifukwa ciani iye ndiye alipila pamene vasokonezeka?

Ena adzati, a secretary, mukuvuta na K5 cabe? Tiyeni tiwelenge, mwacitsanzo cabe. Shopu imodzi, katundu umodzi, K5 yoonjezela. Anthu 200 agula katunduyo pa tsiku, ndiye K1,000. Cikwangwani cikhala masiku atatu, ndiye K3,000. Ikani shopu imene ili na nthambi 20, mwafika pa K60,000 pa katundu umodzi. Makolo anati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma apa mtolo ukumangidwa na nkhuni zanu, wosenza ni wina.

Ndipo K5 si yocepa kwa aliyense. Malipilo otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi kuyambila mu January 2024. Mu caka comweco, basiketi ya zofunika pa umoyo imene a JCTR amawelengela banja la anthu asanu mu Lusaka inadutsa K10,000 pa mwezi. Munthu amene alandila K1,300 sapita ku promotion kukaseweza nthawi. Wakwela basi kucoka ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere cifukwa wamva kuti unga na shuga vatsika, ndipo wawelengela kale kuti cotsala agulile tomato na malasha. Discount ikakana pa till, ndiye kuti walipila basi pacabe, ndiwo za mailo zapita.

Ganizilani mmene timagulila pa Soweto kapena pa Kapata ku Chipata. Amai a pa msika akakuuzani kuti mulu wa kapenta ni K20, ni K20. Sangakuuzeni K20, mwatambasula dzanja, ndiye akuti K25 cifukwa system. Msika wonse ungawaseke. Nthawi zina amakuikilani na mbasela. Ngati mai wogulitsa pa thebulo ya mapulanga asunga mau ake, kampani ya makompyuta na makamela pa kona iliyonse ilephela bwanji?

Cimene cimathandiza kuti vutoli lipitilize ni manyazi. Pa till pali mzele wautali kumbuyo kwanu. Wina wayamba kale kung'ung'udza. Mukafunsa, akuti dikilani tiitane supervisor, ndipo supervisor acedwa. Mumaona monga anthu onse akukuonani kuti ndinu wosauka wolimbana na tundalama tung'ono. Ndiye mumati basi, lekani cabe. Dziwani kuti aja ali kumbuyo kwanu nawonso anyamula saladi yomweyo. Mukafunsa inu, mtengo ukonzedwa, ndiye kuti mwathandiza mzele wonse.

Koma nipemphe cinthu cimodzi. Musatukwane ba cashier. Mtsikana uja kapena mnyamata uja wakhala pa till ni mnzathu, mwina tikhala naye komboni imodzi. Iye saika mitengo, ndipo mu mashopu ambili sangasinthe mtengo popanda supervisor kubwela. Waimilila kapena kukhala pamenepo kucokela m'mawa. Mkwiyo wanu ukathela pa iye, amene ali na mphamvu yokonza vinthu samva kanthu. Kambani naye mwaulemu, pemphani ba manager.

Nazi zimene mungacite. Coyamba, mukaona special imene yakukokani, jambulani cikwangwani na foni, muonetsetse kuti dzina la katundu, kukula kwake na deti ya promotion vaoneka. Caciwili, pa till muziyang'ana pa sikilini pamene katundu adutsa, osati pa WhatsApp. Cacitatu, welengani lisiti mukali mkati mwa shopu. Mashopu ena amaonetsa discount pansi pa katundu aliyense, ena amaicotsa pamapeto, conco yang'anani konse kuwili. Cacinai, mukapeza kusiyana, pemphani kulipila mtengo wa pa shelefu, kapena akubwezeleni ndalama yoonjezela. Musavomele kuuzidwa kuti promotion inasila dzulo pamene cikwangwani cikali pamenepo lelo. Cacisanu, akakana, sungani lisiti na cithunzi, lembani tsiku na nthawi, mukadandaule ku CCPC. Nambala yawo yaulele ni 5678. Lisiti ija imafufutika msanga, conco ijambuleni tsiku lomwelo.

Eni mashopu ali na yankho lawo, ndipo tiyenela kulimva. Amati mu shopu muli katundu masauzande, mitengo isintha kawilikawili, kulakwitsa sikungalepheleke, ndipo nthawi zina makina amalipilitsa zocepa, wogula n'kupindula. N'zoona kuti munthu amalakwitsa. Koma shopu ikaona kuti ikutaya ndalama pa katundu, mtengo umakonzedwa tsiku lomwelo. Liwilo lomwelo tilifuna pamene wotaya ni wogula. Shopu imene ikwanitsa kuika mlonda pa khomo woona lisiti yanu kuti simunabe, ingakwanitse kuika munthu woyenda m'mashelefu m'mawa uliwonse kuona kuti nayonso sikutengelani coposa. Ndipo wogula akapeza colakwika, asamayendetsedwe uku na uku monga wapalamula. Abwezeledwe ndalama yake pamenepo, cikwangwani cicotsedwe iye akuona.

Kwa boma, mau athu ni awa. Lamulo lilipo kucokela mu 2010, koma lamulo limene anthu sadziwa silingawateteze. Pitani ku Lundazi, ku Katete, ku Petauke, mufunse anthu pa sitesheni ya basi kuti ndime 51 ni ciani, muone amene adzayankha. Tifuna CCPC ipatsidwe ndalama na anchito okwanila kuti aziyendela mashopu caka conse. Tifuna aziyelekezela mtengo wa pa shelefu na wa pa till mwadzidzidzi, ndipo zotulukapo zizilengezedwa poyela kuti anthu adziwe shopu imene isunga mau ake. Tifuna pa till iliyonse pakhale cikwangwani, mu Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi na zinenelo zina, cokamba kuti mtengo wa pa shelefu ndiwo wolipila, na nambala yodandaulila. Tifuna mauthenga amenewa azimveka pa mawailesi a m'madela, kumene agogo athu amamvela nkhani. Atsogoleli amakamba tsiku na tsiku kuti akulimbana na kukwela mtengo kwa vinthu. Iyi ni mbali imene siidikila mvula kapena mtengo wa dola, ifuna cabe anthu ogwila nchito yawo.

Ise acinyamata tili na mafoni, tidziwa kuwelenga tumalembo tung'ono. Mukapelekeza amai kapena agogo ku shopu, gwilani lisiti ndinu. Mukaona munthu wamkulu akuvutika kumvana na ba manager, imililani naye. Mwezi uno ukatha, musataye lisiti pa geti. Iwelengeni mzele na mzele, ndipo ngati mwapeza kusiyana, tiuzeni m'makomenti kuti ni katundu wanji, pa shelefu panali zingati, pa till zingati, komanso ngati anakubwezelani. Musaike dzina kapena cithunzi ca cashier. Tifuna manambala, kuti tikapita nawo ku CCPC tikhale na umboni m'manja.