Mwana anapasa bwino, nanga bwanji tebulo yanu imamukanga?

Amayi ndi atate anga a ku Soweto, City Market, Kamwala, Mtendere, Chawama, ndi inu a ku Kapata ku Chipata, lero sindinabwere ndi nkhani ya mtengo wa unga kapena ya malaiti. Ndabwera ndi nkhani ya ana anu, aja mumawasiya akali mtulo mukamalawira kukaoda.

Tiyambe ndi inu. Mukagula bokosi ya tomato, mutu wayamba kale kusewenza. Muwerengera mtengo wooda, ya wilibala, ya minibasi, ya levy. Mudziwa kuti wina adzaphwanyika panjira, wina adzaola pa tsiku lachitatu. Mupanga milu, muikako mbasela kwa kasitomala wa masiku onse, dzuwa likapendeka mutsitsa mtengo kuti musagone ndi katundu. Pamwamba pake chilimba ikuyembekeza. Palibe buku imene inakupatsani mayankho amenewa, chifukwa funso ya lero siifanana ndi ya dzulo. Kumeneko ndiye kuganiza.

Manje tengani mwana wanu wa Grade 12, uja angakutchulireni formula ya profit and loss osapuma. Musiyireni tebulo tsiku limodzi chabe. Mtengo ukasintha masana aima njii, ayembekeza wina amuuze chochita. Mwanayo si wopusa iyayi. Mutu wake ndi wanu womwewo. Chimene chamuononga ndi njira imene tamuphunzitsira kwa zaka 12: aphunzitsi alemba manotsi pa bolodi, iye akopa, aloweza, abwereza ma past papers, atsanulira zonse pa pepa ya mayeso, ndiye pakapita mwezi waiwala.

Musaganize kuti ndi ndale chabe. Mu 2018 zotsatira za mayeso a PISA for Development zinatuluka. Mayeso amenewa safunsa zoloweza, afunsa ngati mwana wa zaka 15 angagwiritse ntchito zimene anaphunzira pa vuto imene sanaionepo. Kuno ku Zambia, mwa ana 100 aliwonse, pafupifupi 5 chabe ndiwo anafika pa muyeso woyambira wa kuwerenga ndi kumvetsa. Pa masamu anali pafupifupi 2. Awa sanali ana a mumsewu, anali ana okhala m'kalasi, ovala yunifomu imene munagula ndi thukuta lanu.

Chaka chomwecho, mu October, boma linaimitsa mayeso a Grade 7, 9 ndi 12 chifukwa cha leakage. Tinakalipira ana ndi aphunzitsi akuba, ndipo anayeneradi kukalipiridwa. Koma inu amalonda mudziwa kuti katundu amayenda pamene pali ogula. Ngati mayeso afuna yankho imodzi yoloweza, yankho imeneyo isanduka katundu wa pa msika. Kuganiza kwa mwana sikungatumizidwe pa WhatsApp usiku.

A boma adzakuuzani kuti, “Tinabweretsa maphunziro aulere mu 2022, tinalemba aphunzitsi opitirira 30,000 chaka chomwecho, ndipo curriculum yatsopano ya 2023 inayamba mu 2025.” Zoona, ndipo palibe wa nzeru angakane kuti mwana wa wosauka ayenera kulowa m'kalasi. Curriculum imeneyi pa pepa ikamba zabwino: ati mwana adziwe kuchita, osati kutchula chabe. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pitani pa sukulu ya boma mu komboni mwanu mukaone. Makalasi ena ali ndi ana opitirira 100. Mphunzitsi mmodzi, period ya mphindi 40, angamve bwanji maganizo a mwana aliyense? Angachonge bwanji nkhani 100 zimene ana alemba okha? Sangathe. Abwerera ku choko ndi bolodi, “kopani, lowezani.” Si ulesi, ndi kusowa chochita. Sayansi aiphunzira popanda kugwira chipangizo, kompyuta aiona chojambula m'buku.

Ndipo nyimbo iyi si yatsopano. Curriculum ya 2013 nayonso inalonjeza njira ziwiri, ya mabuku ndi ya ntchito za manja. Funsani masukulu angati analandira makina osokera, zipangizo za ukalipentala kapena za ulimi zokwanira ana onse. Boma lililonse lisintha chikuto cha buku, koma m'kalasi muli chimodzimodzi. Kusintha dzina kuchoka pa Grade 8 kupita pa Form 1 sikusintha mutu wa mwana.

Ku makoleji nakonso matenda ndi omwewo. Wophunzira aloweza handout ya lecturer, aibweza liwu ndi liwu, apatsidwa diploma. Atuluka ndi envelopu ya khaki, azungulira mu Cairo Road, ayembekeza boma lilengeze recruitment. Boma silingalembe onse, ndipo lidziwa zimenezi. Potsiriza abwerera kwa inu, amayi, kudzadya pa phindu la tebulo ija anaphunzitsidwa kuinyoza. Munalowa kaloba kuti aphunzire, manje mukali kumugulira ma bundle.

Wina adzati, “Nanga kuloweza n'koipa?” Iyayi. Ma times table ayenera kukhala pamtima, monga inu muli ndi mitengo ya katundu yense pamtima. Koma amenewo ndi maziko. Palibe amagona pa maziko opanda khoma ndi denga. Sukulu yathu imanga maziko zaka 12, ndiye ipatsa mwana setifiketi ati nyumba yatha.

Ife tifuna zinthu zooneka. Mayeso asinthe poyamba, chifukwa mphunzitsi aphunzitsa chimene chidzafunsidwa: mamakisi ambiri achokere pa zimene mwana wapanga, wafotokoza ndi kukonza yekha. Makalasi aonjezeredwe mpaka mphunzitsi adziwe dzina la mwana aliyense. Mabuku, zipangizo ndi maphunziro a aphunzitsi zifike kalasi isanayambe curriculum yatsopano, osati pambuyo. CDF inakwera kufika K25.7 million pa constituency mu 2022. Funsani a kansela ndi a MP anu kuti mwa ndalama zimenezo, zingati zinagula zipangizo za mu lab kapena mu workshop ya sukulu ya mwana wanu. Desiki ndi yabwino, koma desiki siiphunzitsa kuganiza.

Koma musayembekeze boma chabe, mbali ina ili m'manja mwanu. Mwana akabwera ku sukulu, musangofunsa kuti wakhala namba chani. Muuzeni akufotokozereni m'Chinyanja chimene waphunzira lero. Akakangiwa, ndiye kuti waloweza chabe, sanamvetse. Pa Chiweru mupatseni buku ya malonda, awerengere yekha ngati bokosi yabweza ndalama, ndipo anene chimene angasinthe. Akafunsa kuti “chifukwa chiyani?” musamutcha wamwano, muyankheni. Ndalama ya leakage musatulutse, mugula setifiketi ndi kugulitsa mutu wa mwana. Ndipo pa miting'i ya PTA musakhale kumbuyo ati ine sindinaphunzire. Inu amene muyendetsa nyumba yonse ndi capital ya bokosi imodzi muli ndi zambiri zowauza.

Dziko la anthu oloweza ndi losavuta kulinamiza, chifukwa anazolowera kulandira yankho yochokera kutsogolo popanda kufunsa. Ife tifuna ana ofunsa, ngakhale atifunse ife tomwe.

Tiuzeni pansipa: pa sukulu ya mwana wanu, m'kalasi mwake muli ana angati? Lembani komboni ndi namba, ndipo muwerengereko anzanu a pa tebulo yapafupi amene alibe foni.