Mwanayo sanalakwe kuwerenga, tisamunamizire

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero mundikhululukire chifukwa ndalemba ndili wokwiya ndithu.

Masabata awiri apitawo tinakumana ife amene timayang'anira makalabu a nyimbo m'sukulu zingapo zoyandikana, kuti tigawane nzeru za kaphunzitsidwe ka theory kwa ana ongoyamba kumene. Mphunzitsi mnzathu wina, bambo amene ndimawapatsa ulemu, anabwera ndi pepala la mtsikana wa Fomu 2 kuti tiseke nawo. Funso linali loti alembe perfect fifth pamwamba pa G sharp. Mwanayo analemba E flat. Bambowo anathetha ndi cholembera chofiira n'kulemba m'munsi kuti "uziwerenga bwino". Ndinawafunsa kuti kodi achimwene, anawa mumawaphunzitsa kuti fifth aziipeza bwanji? Anayankha monyadira kuti anajambula kiyibodi pa tchati, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti akapatsidwa noti awerenge ma semitone 7 kupita kumanja, basi wafika. Ndinabwereka tchati chomwecho n'kuwerenga pamaso pa onse kuchokera pa G sharp: A, A sharp, B, C, C sharp, D, kenako ya nambala 7 ndi kiyi yakuda ija ili pakati pa D ndi E. Pa tchatipo kiyi imeneyo inalembedwa mayina awiri, D sharp ndi E flat. Mwanayo anawerenga bwinobwino monga anamuuzira, n'kutola dzina limodzi mwa awiriwo. Palibe amene anamuuza chifukwa chotolera linzakelo.

Sindikuwaseka bambowa, poti inenso ndinaphunzitsa chonchi kwa zaka zambiri. Ku koleji ndinachita za Masamu ndi Sayansi, kalabu ya nyimbo anangondipatsa chifukwa ndimaliza kiyibodi kutchalitchi. Munthu wa Masamu ukamupatsa nambala 7 amaigwira ngati wapeza ndalama panjira. Ena mwa inu amene munali m'kalabu yanga zaka zoyambirirazo mukukumbukira mmene ndinkakuwerengetsani mokweza ngati ana a Sitandade 1. Pepani. Njira imeneyo ndi yoipa, ndipo ndikuti tiileke.

Dzina lakuti fifth silichokera ku ma semitone ayi. Limachokera ku zilembo. Kuchoka pa C kufika pa G pali zilembo zisanu ukawerenga ndi poyambira pomwe: C, D, E, F, G. Ndiye fifth ya G wamtundu uliwonse iyenera kukhala D wamtundu wina wake, zivute zitani. Kuchoka pa G kufika pa E pali zilembo 6, choncho G sharp ndi E flat pa pepala ndi sixth, ngakhale pa kiyibodi chala chikugwa pamalo omwewo. Mtsikana uja akanauzidwa zimenezi tsiku loyamba, sakanayang'ana n'komwe ku E flat. Pa mizere isanu ija ya staff n'zosavuta kuposa pamenepa: noti ikakhala pa mzere, dumpha mzere umodzi ukhale pa wotsatirawo, ikakhala pa mpata, dumpha mpata umodzi. Mwana wa maso ake amaiona fifth asanawerenge kalikonse.

Taonaninso msampha wina umene timawatchera ana. Powerenga zilembo timawauza kuti noti yoyambira ndi 1. Powerenga ma semitone timawauza kuti noti yoyambira usaiwerenge. Zonsezi timazinena m'piriyodi imodzi, ndi choko chimodzi, kenako timadabwa theka la kalasi likamafika pa F sharp m'malo mwa G. Amene wasokoneza zinthu apa ndani?

Koma chimene chinandipsetsa mtima kwenikweni pa msonkhano uja ndi china. Nditanena kuti ine masiku ano ndimayamba ndi kuwaimbitsa d ndi s, mayi wina anati solfa ndi za kwaya ya kutchalitchi, si theory, ndipo tikufuna ana aphunzire nyimbo zenizeni. Anthu angapo anagwedeza mitu kuvomereza. Abale, kodi tikudzinyozeranji chonchi? Mtsikana wa E flat uja, malinga ndi mphunzitsi wake yemwe, amaimba alto m'kwaya ya kwawo ndipo amawerenga solfa osadodoma. Ndiye kuti fifth wakhala akuiimba kuyambira ali ku pulayimale. Ikumveka m'khutu mwake, ili pakhosi pake. Ife tamutenga mwana wotereyu, tamukhazika pa desiki, tamuuza kuti aiwale zonse aziwerenga timabokosi pa tchati cha kiyibodi yosalira. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife tataya wapamphuno n'kumathamangitsa wa ku mphepo.

Ndipo amene amati solfa ndi yachimidzi akanayamba afufuza kumene inachokera. Mayi Sarah Glover a ku Norwich ku Mangalande ndiwo anakonza njirayi, buku lawo linatuluka mu 1835, ndipo m'busa John Curwen anaitenga m'zaka za m'ma 1840 n'kuifalitsa ponseponse. Mayina a manotiwo mizu yake ndi yakale kwambiri, inayambira kwa Guido wa ku Arezzo ku Italy zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Kuno inabwera ndi amishoni, monga a ku Scotland amene anayamba ntchito ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876. Cholinga chake chinali chimodzi: munthu wamba aziona chizindikiro n'kumva liwu lake m'mutu. Ngati imeneyo si theory, ndiye theory n'chiyani?

Ndikudziwa chimene anzangawa akuopa, ndipo sikuti akunama pa zonse. Mwana wodziwa solfa yokha amasowa chonena ukamufunsa kuti s wa key ya E flat ndi noti iti, chifukwa kwa iye d amasamuka ndi nyimbo. Pa mayeso a theory adzamufunsa zilembo ndi ma sharp, sadzamuuza kuti aimbe. Zoona. Palinso chisokonezo china chimene ana a kwaya amabwera nacho, makamaka anyamata a besi: iwo anazolowera kuchoka pa d kutsikira pa s wam'munsi, ndiye amaganiza kuti d ndi s ndi fifth nthawi zonse. Ayi. Kukwera kuchoka pa d kufika pa s ndi fifth, koma kutsika kuchoka pa d kufika pa s wam'munsi ndi fourth: d, t, l, s, manoti anayi. Zimenezi ziyenera kukonzedwa. Koma mankhwala ake ndi kumanga mlatho kuchoka pa zimene mwana akudziwa kupita pa zilembo, osati kumulanda zimene akudziwazo.

Mlathowo si wautali. Ndimalemba pa bolodi d r m f s l t, m'munsi mwake C D E F G A B. Timaimba d ndi s, kenako r ndi l, m ndi t, f ndi d wapamwamba, s ndi r, l ndi m. Gulu lina ligwire noti yam'munsi, lina yapamwamba, aziimba pamodzi. Zonsezi zimamveka mofanana, zosalala, ngati mawu awiriwo alowana. Tikafika pa t ndi f nkhope zimasintha. Ena amaseka, ena amakweza f uja mosadziwa kuti akome. Pamenepo ndi pomwe ndimawauza kuti mwa ma fifth 7 a zilembo zopanda chizindikiro, 6 ndi perfect, imodzi yokha, B ndi F, ndi yoperewera, ndipo dzina lake ndi diminished. Chifukwa chake chimaoneka ndi maso: mu scale muli malo awiri opapatiza, pakati pa E ndi F ndi pakati pa B ndi C. Fifth ina iliyonse imadutsa pamalo amodzi okha mwa awiriwa, koma B kupita ku F imadutsa ponse pawiri, ndiye imatsala ndi ma semitone 6. Kuchokera apo lamulo la zizindikiro mwana amalipeza yekha: ukakweza noti yam'munsi kweza ndi yapamwamba yomwe, G sharp ndi D sharp, E flat ndi B flat. Banja la B lokha ndilo lofuna tcheru, B amapita ndi F sharp, B flat amapita ndi F wopanda kanthu.

Pano ndipemphe kuti tileke kuopseza ana ndi nthano ija yoti kale tchalitchi chinkalanga anthu oimba B ndi F ati chifukwa ndi mpata wa satana. Dzinalo lilipodi m'mabuku akale a nyimbo, koma za kulanga anthuzo zilibe umboni. Makwaya athu amaimba t ndi f pamodzi Lamulungu lililonse, mu chord ya s t r f ija imakokera nyimbo kubwerera pa d, ndipo palibe denga lomwe linagwa.

Nanga 7 uja? Sindinamutaye, koma amabwera pomaliza, ngati woyesera ngati wakhoza. Ndipo akamabwera ndimafuna ana aone kumene wachokera. Ndili ndi thabwa limene ndinakhomapo misomali iwiri motalikirana masentimita 60, n'kukungapo waya wa mabuleki a njinga, womwe uja anyamata amapangira mabanjo kumudzi. Ukaliza waya wonse umamva d. Ukaudina pa masentimita 20 n'kuliza mbali ya masentimita 40 yotsalayo, umamva s. Magawo awiri mwa atatu. Agiriki akale ankazidziwa izi, ndipo mbiri imazipereka kwa Pythagoras amene anakhalako zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe. Tengani gitala muyeze ndi rula, mupeza kuti fret ya nambala 7 ili pafupifupi ndendende pa gawo limodzi mwa atatu a chingwe. Mwana amene wayeza yekha zimenezi 7 samuiwalanso.

Ndipo kwa anzanga okhulupirira kiyibodi kuposa khutu, nayi nkhani yoti mukaganizire. A amene timachunira zida amanjenjemera ka 440 pa sekondi. Fifth yake yeniyeni, ya 3 kwa 2, ndi 660. E wa pa kiyibodi yanu ali pa 659 ndi kachidutswa. Anamuchepetsa dala pang'ono kuti ma key onse 12 azitheka kuimbidwa pa chida chimodzi. Ndiye ma semitone 7 amene mukuti ndiwo tanthauzo la fifth ndi kuyerekeza chabe kwa chinthu chimene kwaya yabwino yopanda zida imatha kuchiimba molondola kuposa makinawo.

Pepala la mtsikana uja ndinalipempha, ndipo bambowo anandipatsa monyinyirika. Ndawauza kuti pa msonkhano wa teremu ikubwerayi abwere ndi ana awo asanu ndi tchati chawo, ine ndibwera ndi asanu anga ndi thabwa langa la waya. Tidzawapatse manoti omwewo, kuphatikizapo G sharp ndi B flat, alembe ma fifth ake kenako awaimbe. Mayi aja anati solfa si theory ndawapempha kuti adzakhale ochonga.