Za Umoyo wa M'banja: Malobvu ndi Chironda cha M'kamwa

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za khansa ya m'kamwa, ndi za njira yatsopano imene madotolo alikuyesa kuti aidziwire msanga, ndiyo kupima malobvu.

Nthenda imeneyi iyamba mwakachetechete. Kawirikawiri pa lilime, m'tsaya kapena pa usinini paoneka kachironda, pena banga loyera kapena lofiira, ndipo poyamba sikapweteka. Chifukwa chake munthu akanyozera, nati, "Landikanda dzino." M'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 390,000 pa dziko lonse anapezeka nayo, ndipo oposa 188,000 anamwalira. Zoiputa zazikulu nziwiri, zimene tizidziwa bwino m'midzi mwathu: fodya, wosuta ngakhale woika pa usinini monga achitira agogo ena, ndi mowa, makamaka waukali ngati kachasu. Wophatikiza ziwirizi ndiye ali pa ngozi yoposa.

Kufikira lero, kuti dotolo atsimikize, ayenera kudula kanyama pa chirondapo, nakapima ndi galasi lokuza zinthu. Tsono ena anadzifunsa kuti: kodi malobvu, amene asambitsa chironda usana ndi usiku, sangatenge mbiri yake? Pakuti monga madzi a mumtsinje atenga dothi la minda imene adzeramo, momwemonso malobvu atenga tizidutswa tosaoneka ndi maso tochokera m'nyama yodwala.

M'chaka cha 2004 Dr. David Wong ndi anzake ku Los Angeles, m'dziko la America, anaona kuti malobvu a odwala nthendayi asiyana ndi a anthu olimba pa tizizindikiro tina. M'chaka cha 2015 madotolo a ku Johns Hopkins, m'dziko lomwelo, anapima odwala 93 a khansa ya m'kamwa ndi ya pakhosi. Mwa onse amene chironda chao chinali m'kamwa mwenimweni anapeza zizindikiro za nthendayo m'malobvu; koma pa zironda za mkati mwa khosi, magazi ndiwo anaulula bwino koposa.

Nkhani yokondweretsa ndithu, koma tisafulumire. Anthu aja anali odwala odziwika kale, ndipo opimawo anadziwiratu chimene analikufuna. Kupeza nthenda mwa munthu wooneka wolimba ndi nchito ina. Kupima kosatsimikizika kungathe kuopsa wolimba pachabe, kapena kutonthoza wodwala monama. Nchifukwa chake m'chaka cha 2017 bungwe la madotolo a mano la ku America linaweruza kuti kupima malobvu kunali kusanafike pokhulupirika, ndi kuti kudula kanyama ndiko kugamula mlandu.

Nanga ife tichitenji? Tisakhale pansi kudikira njira yosapweteka, pakuti nthenda sidikira munthu. Chironda cha m'kamwa chimene chatha masabata 3 osapola, chotupa cholimba m'khosi, dzino logwedezeka popanda chifukwa, lilime lolemera polankhula kapena pomeza: zonsezi nzopita nazo ku chipatala. Dotolo akati adule kanyama, musakane. Ambiri aopa kuti mpeni ufalitsa nthenda. Iai, choifalitsa ndi kuchedwa. Yopezeka ikali yaing'ono, kawirikawiri ichiritsika. Yopezeka itakula ilanda munthu kudya, kulankhula, ndipo pamapeto moyo womwe.

Inu amai ndi abambo a m'nyumba, agogo akayamba kusiya nsima nafuna phala lokha, musati ndi ukalamba chabe. Apempheni mwaulemu kuti ayasamule poyera pa dzuwa, muone m'masaya ndi pansi pa lilime. Akachita manyazi, akumbutseni mau a makolo akuti mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Kapena tsiku lidzafika lakuti malobvu a m'kabotolo adzakwanira; koma lero maso anu ndi ulendo wa ku chipatala ndizo zingapulumutse mbale wanu.