Mfuti Zidasanduka Mpando, Nanga Auone Ndani?

Mu mzinda wa London, m'nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale yotchedwa British Museum, akusungamo mpando umene munthu sangaukhalire mtima uli m'malo. Mpandowu uli ndi miyendo inayi, potsamira msana ndi poika mikono monga mipando ina yonse, koma palibe kalipentala amene adaugwirapo. Wonsewo ndi mfuti zoduladula ndi kuwotcherera. Kumsana kuli mfuti ziwiri za G3, mtundu umene ankanyamula asilikali a Apwitikizi. Mbali zinazo zidachokera ku mfuti zopangidwa ku Russia, Poland, Czechoslovakia ndi North Korea. Palibe ngakhale imodzi imene idasulidwa muno mu Africa, komabe zonsezo zidatoledwa m'dziko lino la Moçambique.

Adaupanga m'chaka cha 2001 ndi bambo Cristóvão Canhavato, amene anzawo amawatchula kuti Kester, mmisiri wa ku Maputo. Mpandowu udaonekera koyamba ku London m'chaka cha 2002 pa chionetsero cha amisiri angapo a kuno, chimene adakonza a bungwe la Christian Aid, ndipo pamenepo ndi pamene a British Museum adaugula.

Inu awerengi amene mudabadwa nkhondo itatha, mverani mmene nkhaniyi idayambira. Pa 4 Okutobala 1992, mu mzinda wa Roma, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere, nkhondo ya zaka 16 nkuthera pomwepo. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa, ndipo ena pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ambiri mwa iwo ochokera m'chigawo chino cha Tete. Nkhondo idatha, inde, koma mfuti sizidapite nayo. Zina zidakwiriridwa m'tchire, zina zidabisidwa m'nkhokwe ndi kudenga, chifukwa munthu amene adaona zoopsa sataya msanga chida chake pongomva kuti akuluakulu agwirana chanza kutsidya kwa nyanja.

M'chaka cha 1995, Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, kudzera m'bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, adayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, ndiko kuti kusandutsa zida zankhondo kukhala makasu. Ganizoli adalitenga m'buku la mneneri Yesaya. Wobweretsa mfuti sankalandira ndalama, koma chinthu chogwirira ntchito: khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Mudzi wina umene udapereka zida zambiri udalandira thirakitala. Njinga zina zidachokera kutali ku Japan, kumene a bungwe la Ehime Global Network ankatolera njinga zotayidwa ndi kuzitumiza kuno. M'zaka zisanu ndi zinayi zoyambirira, ntchitoyi idasonkhanitsa zida zoposa 600,000.

Tsono mulu wa zitsulo zodukaduka mungautani? Apa ndi pamene adalowererapo amisiri a ku Núcleo de Arte, nyumba ya aluso ya ku Maputo imene idayamba kale m'nthawi ya atsamunda, kumene ngakhale malemu Malangatana Ngwenya adadutsako ali mnyamata. Anyamatawo adatenga mipope ya mfuti, timabokosi ta zipolopolo ndi zigoba za mabomba, nayamba kuwotcherera. M'manja mwawo mudatuluka mbalame, ng'ona, munthu woimba gitala, mayi wobereka mwana.

Luso lotere limasiyana ndi kujambula ndi utoto wokha kapena kusema mtengo wokha. Mmisiri amasakaniza zipangizo zosiyanasiyana, chitsulo, thabwa, nsalu, chithunzi chakale, chingwe, ndipo chirichonse chimabwera ndi mbiri yake. Utoto wogula m'sitolo sudziwa kanthu, koma mpope wa mfuti umadziwa kumene udapita. Woona mbalame yachitsuloyo amayamba waseka, kenaka akayandikira amazindikira kuti phiko lake ndi chija chidamugonetsa m'tchire, ndipo kuseka kumathera pakhosi. Madzi saiwala khwawa.

Mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 2004 amisiri anayi, a Kester, a Hilário Nhatugueja, a Fiel dos Santos ndi a Adelino Serafim Maté, adagwirira pamodzi kupanga Mtengo wa Moyo, wautali kupitirira mamita atatu, thunthu, nthambi ndi masamba zonse za mfuti, mbalame ndi tinyama tiri pambali pake. Mtengowu udaimikidwa ku British Museum m'chaka cha 2005. Mpando uja nawo udayenda m'dziko la Britain, m'masukulu, m'matchalitchi, mpaka m'ndende ya Pentonville. M'chaka cha 2010 wailesi ya BBC idauika m'gulu la zinthu 100 zofotokoza mbiri ya dziko lonse lapansi. Ku Japan nako, mu mzinda wa Osaka, kudachitika chionetsero cha ntchito zoterezi m'chaka cha 2013.

Mmodzi mwa anyamata a ku Núcleo de Arte amene dzina lake lidamveka kutali ndi Gonçalo Mabunda, wobadwa m'chaka cha 1975, chaka cha ufulu. Iye amakonda kupanga mipando yachifumu ndi nkhope zachitsulo. Uthenga wake ngwosabisika: pali mipando ina yaulamuliro imene miyendo yake ndi mfuti. Ntchito zake zidali nawo pa chionetsero chachikulu cha Africa Remix, chimene chidayenda kuyambira 2004 mpaka 2007 kuchokera ku Düsseldorf, kudzera ku London, Paris, Tokyo ndi Stockholm, nkukathera ku Johannesburg. M'chaka cha 2015 zidaonekanso ku Venice m'dziko la Italy, kumene aluso a maiko ambiri amakumana zaka ziwiri zirizonse.

M'chaka cha 2019 dziko la Moçambique lidatumiza ku Venice anthu atatu: Mabunda, Mauro Pinto ndi Filipe Branquinho. Mutu wa chionetsero chawo udali wonena za kale, lero, ndi zimene ziri pakati pa ziwirizi. Apa ndi pamene ubwino wa chionetsero cha pagulu umaonekera, chifukwa anthu atatuwa sakumbukira mofanana. Mabunda amakumbukira ndi chitsulo. Pinto, wojambula zithunzi, adatchuka m'chaka cha 2012 pamene adapata mphotho ya BES Photo ku Portugal ndi zithunzi za m'kati mwa nyumba za ku Mafalala, dera lakale la nyumba za matabwa ndi malata ku Maputo, kwawo kwa katswiri wampira Eusébio ndi mlakatuli José Craveirinha. M'zithunzizo mumaoneka mipando yotha, makatani, timiphika ndi zithunzi za makolo pakhoma, zinthu zimene zimakupatsa chipukwa ngakhale sudapondeko ku Mafalala. Branquinho adajambulapo nyumba zakale za kanema zopanda anthu, ndiponso ali ndi ntchito zina zosakaniza zojambula ndi nkhope za gule wa mapiko wa Amakonde, zodzudzula akuluakulu adyera. Munthu mmodzi akamasimba yekha za kale, amasankha zomukomera. Akakhala atatu m'chipinda chimodzi, wina amakumbutsa zimene mnzake wasiya.

Kukumbukira ndi kupukwa si chinthu chimodzi. Wopukwa amakumbukira nyimbo za pa wailesi ya Xirico madzulo pabwalo, naiwala mizere ya m'sitolo zopanda sopo ndi mchere. Wokumbukira amanyamula zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Dziko lino likusowa anthu otere, pakuti nkhondo itatha lidasankha njira ya chete. M'mwezi womwewo wa Okutobala 1992 nyumba ya malamulo idakhululukira onse amene adalakwa pankhondo, ndipo sipadakhale bwalo loululirapo zoona monga lidachitikira ku South Africa. M'midzi yambiri anyamata obwera kunkhondo adawasambitsa mwamwambo, nawauza kuti zapita zapita. Njirayi idathandiza anthu kukhalanso pamodzi, wa uku ndi wa uko kumwera chitsime chimodzi. Koma mwana amene sadauzidwe kuti pamalo pakutipakuti pali dzenje, tsiku lina adzagweramo.

Alipo amene sagwirizana nalo lusoli, ndipo mawu awo si opepuka. Ena amati kuonetsa mfuti, ngakhale zoduka, nkutosa chilonda chimene chidayamba kupola. Ena amati azungu amagula ntchitozi chifukwa zikugwirizana ndi chithunzi chimene ali nacho kale cha Africa wa nkhondo, ndipo mmisiri wofuna kudya amangobwereza zomwezo. Enanso amafunsa kuti, kodi mpando udaletsa chiyani? Pakati pa 2013 ndi 2016 mfuti zidaliranso m'chigawo cha Sofala, ndipo anthu ena a kuno ku Tete adathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi. Mu Okutobala 2017 kudabuka chiwawa china ku Mocímboa da Praia m'chigawo cha Cabo Delgado. Zonsezi nzoona. Mpando wachitsulo suimitsa nkhondo, monganso mwala wa pamanda suukitsa wakufa. Koma banja limene lasiya kulambula manda limaiwala ndi chimene chidapha mbale wawo.

Vuto lalikulu liri pena. Mpando uli ku London, Mtengo wa Moyo uli ku London, ndipo zionetsero zikuluzikulu zidachitikira ku Paris, ku Osaka ndi ku Venice. Kodi ndi angati ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Zóbuè kapena ku Fíngoè amene adaziona ndi maso? Mwana wa sukulu wa ku Britain adaima patsogolo pa mpandowo nafunsa mafunso, pamene mdzukulu wa mayi amene adawoloka malire usiku, mwana kumsana, mtolo pamutu, mwina sadamvepo ndi dzina lomwe. Chikumbutso chikakhala kutali ndi eni maliro chimasanduka chokongoletsera nyumba za ena.

Chonsecho anthu a kuno si alendo pa luso losunga mbiri. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza m'chaka cha 2005 ngati chuma cha Moçambique, Malawi ndi Zambia, amatulutsa pabwalo zilombo zokumbutsa zimene mudzi udaona, monga Simoni wofiira nkhope uja amene amakumbutsa za kubwera kwa azungu. Makolo adadziwa kale kuti chinthu chimene chidakuopsa, ukachiika pabwalo anthu onse akuona, mphamvu yake imachepa.

Choncho palibe chifukwa chodikira kuti London abweze mpando. M'nyumba zambiri m'chigawo chino muli zinthu zokwana chionetsero: khadi lolandirira ufa kumsasa wa othawa nkhondo, chitini cha mafuta ophikira chimene chidasanduka chotungira madzi, khasu loyamba kulimira atabwerera kumudzi, kapulana yoberekera mwana paulendo uja, wailesi ya Xirico yakufa kale imene agogo amakana kutaya. Aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi a nyumba za chikhalidwe angathe kupempha zinthuzi, kuziika m'kalasi imodzi pa 4 Okutobala, tsiku la mtendere, mwini chinthu aliyense nkuima pambali pake kufotokozera ana. Achinyamata odziwa kujambula, kusoka ndi kuwotcherera angawonjezerepo zawo.

Chenjezo limodzi lokha, makamaka kwa anyamata otola zitsulo. Amisiri a ku Maputo ankalandira zida zimene akatswiri adaziphwasula kale. Ngakhale kuti m'chaka cha 2015 boma lidalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yachotsedwa, chitsulo chachilendo chingatulukebe m'munda mvula ikakokolola nthaka. Mukachiona musachigwire, musachimenye ndi khasu, musapite nacho kwa wowotcherera. Ikani chizindikiro patali, ndipo kauzeni amfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.