Kodi Witold Pilecki anaphunzira kuti kulimba mtima, kunkhondo kapena kumunda?

Pa 25 Meyi 1948, m'ndende ya Mokotów mumzinda wa Warsaw, boma la Poland linapha munthu wazaka 47 pomuwombera kunkhongo. Dzina lake linali Witold Pilecki. Munthu ameneyu anamenyera dziko lake pankhondo ziwiri monga msilikali wapakavalo, pakati pa nkhondozo analima zaka 13, ndipo anavomera kuti adani amugwire n'kukamutsekera ku Auschwitz kuti akaone ndi maso ake zimene zinkachitika kumeneko. Masiku ano mbiri yake yamveka kutali, makamaka chitulukireni buku la Jack Fairweather lotchedwa The Volunteer mu 2019. Koma anthu ambiri akamasimba za iye amathamangira mfuti ndi mpanda wa waya waminga, zaka za kumunda n'kuzidumpha ngati kuti munthuyu ankangopuma podikira nkhondo ina. Ife tikuti kudumpha zaka zimenezo ndi kutaya mutu wa nkhani yonse.

Kodi iye anali ndani asanagwire khasu? Anabadwa pa 13 Meyi 1901 ku Olonets, kumpoto kwa Russia. Banja lake linali litabalalika chifukwa agogo ake aamuna analowa nawo m'gulu loukira ulamuliro wa Russia mu 1863, ndipo anawalanga powathamangitsira ku Siberia. Witold anakulira ku Wilno, mzinda umene lero ndi Vilnius, likulu la Lithuania. Poland itangopeza ufulu mu 1918, nkhondo inabuka pakati pa dzikolo ndi Russia ya achikomyunizimu. Mnyamatayo anamenya nawo nkhondo ya ku Warsaw mu Ogasiti 1920, pamene asilikali a Poland anabweza adani amene anali atafika kale pakhomo pa likulu lawo. Anali m'gulu la asilikali apakavalo, ndipo analandira mendulo yaukatswiri kawiri.

Ndiye n'chifukwa chiyani mnyamata wotchuka chotero sanakhalebe m'gulu la nkhondo kuti akwere maudindo? Anayesa kuphunzira zojambulajambula ku yunivesite ya ku Wilno, koma ndalama zinavuta, bambo ake anali kudwala, ndipo famu ya makolo ku Sukurcze, pafupi ndi tawuni ya Lida, inali itawonongeka ndi nkhondo. Mu 1926 anaitenga famuyo m'manja mwake. Anakonzanso nyumba, anadzutsa minda, n'kuyamba kulima mbewu ya clover, chomera chodyetsa ziweto. Mu 1931 anakwatira Maria Ostrowska, mphunzitsi wa pasukulu ya m'deralo, ndipo anabereka ana awiri, Andrzej ndi Zofia.

Akanakhala wina akanathera pomwepo: mpanda wake, ng'ombe zake, phindu lake. Pilecki anatuluka kunja kwa mpanda. Anayambitsa kopaletivi ya alimi. Anatsogolera fakitale ya mkaka ya m'deralo. Anali mkulu wa gulu la anthu odzipereka ozimitsa moto. Pambali pa zonsezi ankaphunzitsa anyamata a m'midzi kukwera kavalo ndi kugwira zida, chifukwa ankadziwa kuti mtendere wa dziko lokhala pakati pa Germany ndi Soviet Union ndi wosadalirika. Mu 1938 boma linamupatsa mendulo yasiliva poyamikira ntchito zake zothandiza anthu.

Kodi tinayamba taganizapo zimene ntchito ngati zimenezi zimamuphunzitsa munthu? Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya kopaletivi akudziwa. M'mamawa alimi amabwera ndi zigubu za mkaka. Wina wathiramo madzi kuti uchuluke, ndipo ndi mnansi wako amene mumapemphera naye tchalitchi chimodzi. Wina wachedwa, mkaka wake wayamba kusasa, koma kunyumba kwake kuli ana odwala. Wina akukayikira kuti sikelo ikumubera. Tcheyamani alibe mphamvu yolamula aliyense mwa anthu amenewa. Sangawatsekere m'chitokosi, sangawadule malipiro. Chimene ali nacho ndi kudziwa anthu: uyu ndi wokhulupirika koma wamantha, uyu ndi wolimba mtima koma wapakamwa, uyu angasunge ndalama za gulu osadyako ngakhale khobidi. Kunkhondo, mkulu wa asilikali akalankhula onse amamvera chifukwa cha nyota za paphewa. Kumudzi anthu amamvera munthu amene anamuyesa n'kuona kuti sanama. Luso lachiwirili ndi limene Pilecki anadzalifuna pa nthawi imene nyota zinalibenso ntchito.

Nthawiyo inafika. Pa 1 Sepitembala 1939 Germany inalowa m'dziko la Poland ndi akasinja ndi ndege. Pilecki anali atachoka kale ku Sukurcze ndi kagulu kake ka apakavalo, ambiri mwa iwo anyamata omwe anawaphunzitsa yekha. Gulu lalikulu limene anatumizidwako linaphwanyidwa m'masiku oyambirira a nkhondo. Pa 17 Sepitembala, Soviet Union nayo inalowa kuchokera kum'mawa n'kutenga dera lonse la Lida. Famu ija sanaionenso, ndipo lero malowo ali m'dziko la Belarus. Mu Novembala chaka chomwecho, iye ndi Jan Włodarkiewicz anakhazikitsa gulu lankhondo lachinsinsi ku Warsaw.

Mu 1940 anthu anayamba kutengedwa kupita ku ndende yatsopano pafupi ndi tawuni ya Oświęcim, imene Ajeremani ankaitcha Auschwitz. Akuluakulu a gulu lachinsinsi anafuna munthu woti akalowemo. Anatchula dzina la Pilecki, iye n'kuvomera. Pa 19 Sepitembala 1940, Ajeremani akugwira anthu mwachisawawa m'dera la Żoliborz ku Warsaw, sanathawe. Anali ndi mapepala a dzina la munthu wina, Tomasz Serafiński. Atangofika ku Auschwitz anamumenya ndi chibonga kukamwa, mano awiri n'kuguluka. Anamumeta, anamuveka zovala zamizeremizere, n'kumupatsa nambala 4859.

Kodi munthu wopanda mfuti, wopanda udindo, wanjala, wodzala ndi nsabwe, angachite chiyani m'malo otero? Pilecki anachita zimene ankachita ku Sukurcze: anayamba kusonkhanitsa anthu. Anakhazikitsa timagulu ta anthu asanuasanu, kagulu kalikonse kosadziwa za kanzake, kuti wina akagwidwa n'kuzunzidwa asaulule onse. Ntchito yawo yoyamba sinali kumenyana ndi alonda. Inali kugawana chakudya, kupezera wofooka ntchito ya m'nyumba kuti asafe ndi chisanu, kubweretsa mankhwala mozemba, kubisa wodwala m'chipatala cha m'ndendemo, kufalitsa nkhani zochokera kunja kuti anthu asataye mtima. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'ndende imene inamangidwa n'cholinga choti mkaidi aliyense aziona mnzake ngati mdani wolimbirana naye kachidutswa ka buledi, kuphunzitsa anthu kudalirana kunali kuukira kwenikweni. Kusankha woyenera kumuuza chinsinsi kunali nkhani ya moyo ndi imfa. Kodi diso lozindikira munthu wokhulupirika analitenga kuti, ngati si m'zaka zija zoyendetsa kopaletivi ndi gulu lozimitsa moto?

Kudzera mwa akaidi omasulidwa ndi othawa, gulu lake linkatumiza malipoti ku Warsaw, ndipo kuchokera kumeneko ankafika ku boma la Poland limene linali ku London. Pomafika kumayambiriro kwa 1941, pempho loti ndendeyo iphulitsidwe ndi mabomba linali litafika kwa akuluakulu a asilikali a m'ndege a Britain. Iwo anakana. Mu Sepitembala 1941 Ajeremani anayesa mpweya wapoizoni wa Zyklon B pa akaidi a nkhondo a ku Soviet Union ndi akaidi odwala. Mu 1942 masitima odzaza ndi Ayuda anayamba kufika kuchokera m'mayiko osiyanasiyana a ku Ulaya. Malipoti ankapitabe. Pilecki anadwala typhus, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe, koma anachira n'kupitiriza kudikira lamulo loti akaidi aukire mothandizidwa ndi anzawo akunja. Lamulolo silinabwere.

Apa pali funso limene tilibe ufulu wolizemba. Kodi dziko lapansi linalephera kupulumutsa anthu a ku Auschwitz chifukwa silinkadziwa? Anthu pafupifupi 1.1 miliyoni anafera kumeneko, ndipo pafupifupi 1 miliyoni mwa iwo anali Ayuda. Zifukwa zimene akuluakulu ankapereka zinali zomveka kwa munthu wokhala mu ofesi: mtunda ndi wautali, ndege n'zochepa, mabomba angaphe akaidi omwewo, njira yabwino yopulumutsira anthu ndi kupambana nkhondo yonse. Zina mwa zifukwazi zinali zoona. Koma palibe anganene kuti uthenga sunafike. Unafika, wolembedwa ndi anthu amene anaika moyo wawo pachiswe kuti ufike. Kodi mboni imapindula chiyani ngati womva anasankha kale zoti achite asanamve?

Atakhala m'ndendemo zaka 2 ndi miyezi 7, Pilecki anaganiza zokalankhula yekha pamaso pa akuluakulu ake. Usiku wa pa 26 Epulo 1943, iye ndi anzake awiri, Jan Redzej ndi Edward Ciesielski, anali pa ntchito yausiku yophika buledi m'nyumba ina kunja kwa mpanda. Anatsegula chitseko cholimba cha nyumbayo n'kuthawira mumdima, alonda akuwombera kumbuyo kwawo. Atayenda masiku angapo anafika ku Nowy Wiśnicz, kumene anakumana ndi Tomasz Serafiński weniweni, mwini dzina limene analivala nthawi yonseyo, ndipo Serafiński anamusunga m'nyumba mwake. Pilecki analemba lipoti latsatanetsatane n'kupempha kuti asilikali achinsinsi a Poland akaukire ndendeyo. Akuluakulu anawerenga mphamvu zawo n'kuona kuti sangakwanitse. Auschwitz inapitiriza kupha mpaka pa 27 Januwale 1945, pamene asilikali a Soviet Union anafika.

Mu Ogasiti 1944 anamenya nawo nkhondo ya anthu a ku Warsaw youkira Ajeremani, ali kale kaputeni wa apakavalo. Mzindawo utagonja anatengedwa ukaidi ku Germany, ndipo atamasulidwa mu 1945 anapita ku Italy kukalowa m'gulu lankhondo la Poland lotsogoleredwa ndi Władysław Anders. Gulu limeneli si lachilendo kwenikweni kuno kwathu. Amayi ndi ana achipolishi amene anatuluka nalo limodzi ku Soviet Union mu 1942 anamwazikira m'misasa ya othawa kwawo, ndipo ena anasungidwa ku Northern Rhodesia, m'malo ngati Lusaka, Bwana Mkubwa ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Ambiri mwa anthu amenewo sanabwererenso kwawo, chifukwa kwawoko kunali kutagwa m'manja mwa amene anawathamangitsa.

Pilecki anabwerera. Mu Disembala 1945 anafika ku Warsaw kuti azitumiza kwa Anders nkhani za mmene boma latsopano la achikomyunizimu linkagwirira ndi kupha anthu amene anamenyana ndi Ajeremani. Anamugwira mu Meyi 1947, anamuzunza koopsa, n'kumuzenga mlandu mu Malichi 1948 pomunena kuti ndi kazitape. Nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, Józef Cyrankiewicz, nayenso anali mkaidi wa ku Auschwitz. Pulezidenti Bolesław Bierut anakana kumukhululukira. Kodi boma linkaopa chiyani mwa munthu mmodzi wopanda gulu lankhondo? Linkaopa zomwezo zimene Ajeremani akanaopa akanamuzindikira: munthu wotha kumanga chikhulupiriro pakati pa anthu popanda chilolezo cha wolamulira, ndiponso wonena zimene waona mosasamala kuti wolakwayo wavala yunifolomu yamtundu wanji. Kwa zaka zoposa 40 dzina lake silinkatchulidwa poyera m'dziko lake. Khoti linamuchotsera mlandu mu 1990, mu 2006 anamupatsa ulemu waukulu koposa wa dziko la Poland, ndipo mu 2013 anamukweza udindo kukhala kenolo. Ulemu wonsewu unafika mwini wake atamwalira kalekale.

Tsono ife amene tikuwerenga mbiriyi tili kutali, titengepo chiyani? Tikangoti anali munthu wolimba mtima modabwitsa, tadzimasula tokha, chifukwa zodabwitsa palibe amene amayembekezera kuti tizichite. Koma zimene Pilecki anachita kuyambira 1926 mpaka 1939 n'zimene mlimi, mphunzitsi kapena msilikali wopuma aliyense angathe: kusunga ndalama za gulu mokhulupirika, kudzuka usiku nyumba ya mnansi ikapsa, kuuza mnzako zoona ngakhale zikumupweteka. Makhalidwe amenewa samera tsiku la tsoka. Amabzalidwa nthawi ya mtendere, pa zinthu zazing'ono zimene palibe amene amazilemba m'nyuzipepala.

Choncho mafunso otsiriza akulunjika kwa ife. Kodi munthu amene akuyendetsa kalabu ya alimi m'dera lathu mosadya za anzake timamuwerengera, kapena timadikira kuti afe kaye? Kodi amene wabwera ndi uthenga wosasangalatsa wonena za nkhanza zimene waona timamumvetsera, kapena timayamba kufufuza kuti watumidwa ndi ndani? Ndipo ngati lero tikulephera kukhulupirika pa thumba limodzi la feteleza wa gulu, tikuganiza kuti mphamvu yokhulupirika pamene moyo wa mnzathu uli m'manja mwathu idzachokera kuti?