Sikirini yakuda siyitanthauza kuti khadi yafa

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inaleka kusamalira Windows 10. Windows 11 ifuna TPM 2.0 na purosesa yatsopanoko, ndiye malaputopu ambiri a salaula amene tigula mu tauni atsala panjira. Anthu ayamba kuyesa Ubuntu na Linux Mint, ndipo achita bwino. Koma munthu alowetsa fulashi, logo iwoneka, sikirini ida bii. Athamangira kwa okonza, ndipo yankho ni imodzi chabe: graphics khadi yapsa, bweretsani ndalama. Kapena amubwezera Windows yakuba na kumuuza kuti Linux ni ya mabwana a maseva.

Iyi ni ulesi, ndipo kwa ena ni kuba kwa masana.

Kawirikawiri khadi ili bwino. Chavuta ni draiva, maka maka ngati chip ni ya Nvidia. Madraiva a Intel na AMD abwera kale mkati mwa Linux, ndiye chifukwa makina awo ayaka popanda nkhani. Nvidia kwa zaka zambiri inabisa mmene machip ake asebenzera, moti draiva yaulere yotchedwa nouveau anailemba anthu odzipereka mofufuza okha, ngati kukonza injini mu mdima. Linus Torvalds mwini wake anaituka Nvidia pagulu mu 2012 ku Aalto University, ku Finland. Kampaniyo inatsegula mbali ya draiva yake mu 2022, koma ya makhadi a GTX 16 na RTX 20 kupita kutsogolo. Makhadi akale amene adzaza mashopu athu sanawerengedwe. Manje wolakwa ndani, Linux kapena amene anakhoma chitseko?

Wokonza weniweni ayenera kudziwa ivi asanatchule mtengo. Pa menyu yoyamba Ubuntu ili na safe graphics, Mint ili na compatibility mode. Ngati mwaika kale, pa GRUB dinani e, pezani mawu akuti quiet splash, lembani nomodeset patsogolo pake, dinani F10. Chithunzi chidzakhala chonenepa, koma mudzalowa. Lembani lspci mu terminal muone dzina ya khadi, kenako Driver Manager kapena Additional Drivers ikupatseni draiva yoyenera. Osatenga yatsopano chabe chifukwa ni yatsopano: makhadi ambiri a GTX 600 na 700 anathera pa draiva 470. Konzani bando yabwino, vinthu ivi ni ma MB mazana.

Pali msampha wina umene ugwira ngakhale odziwa. Secure Boot ikakhala yoyatsa, nthawi zina kompyuta ionetsa sikirini ya buluu yofunsa za MOK. Anthu achita mantha, adina Continue boot, draiva ikanidwa, ndipo abwerera pamene anayambira. Chofunika ni Enroll MOK na pasiwedi imene munaika.

Zoona, makhadi amafa, maka maka mu laputopu yodzala fumbi imene fani yake inaleka kuzungulira kale. Koma khadi yakufa kawirikawiri siyisankha. Nthawi zambiri mizere na madontho viwoneka ngakhale pa logo ya HP kapena Dell, dongosolo iliyonse isanayambe. Ngati BIOS iwoneka bwino bwino ndipo safe graphics iyaka, funsani wokonza uja akuonetseni chimene chapsa musanatulutse ngwee.