Makilomita 21 si liwiro lothamangitsira mbuzi m'munda

Amangwetu, masiku ano mipikisano yothamanga yasanduka fashoni. Mabanki ndi makampani akupikisana poikonza, ndipo anyamata ndi atsikana athu a kuno kuchigwa nawo ayamba kulembetsa maina. Ena akusungira ndalama za basi kuti akaonekere ku Lilongwe pa Be More Race ya Standard Bank, ija idayamba mu 2017. Zabwino zedi. Koma tamufunsani mnyamata wa pa Dyeratu kapena pa Bangula kuti kodi makilomita 21 amenewa uwathamanga nthawi yaitali bwanji, akuyankhani kuti, "Aaa, tikaonera komweko akulu, ine ndi mphepo." Mphepo imeneyo timaipeza itakhala tsonga pansi pa mtengo pa kilomita ya 12, ikupempha madzi kwa ana asukulu.

Theka la marathoni ndi makilomita 21.1. Mtunda umenewu sufuna mtima wokha ayi, umafunanso masamu, ndipo masamu ake ngosavuta. Amene akufuna kumaliza pa maola awiri ayenera kuthamanga kilomita iliyonse mphindi 5 ndi masekondi 41. Wa maola awiri ndi mphindi 15, kilomita yake ndi mphindi 6 ndi masekondi 24. Wa maola awiri ndi theka, mphindi 7 ndi masekondi 7. Mu 2021, Jacob Kiplimo wa ku Uganda adamaliza mtundawu ku Lisbon pa mphindi 57 ndi masekondi 31, kutanthauza kuti kilomita iliyonse ankaidya pa mphindi zosakwana zitatu. Zimenezo n'zoonera pa kanema, si zoti inu ndi ine tiziyeserera mumsewu wa ku Ngabu.

Nanga munthu angadziwe bwanji liwiro lomuyenera? Osafunsa mnzanu, osafunsa mtima wanu, funsani wotchi. Pezani mtunda woyezedwa wa makilomita 10. Kuno mabwalo a anthu othamanga ndi osowa, koma msewu wa M1 ulipo, ndipo foni ya mnzanu kapena galimoto itha kukuyezerani. Thamangani mtundawo ndi mphamvu zanu zonse, mulembe nthawi, kenaka muchulukitse nthawiyo ndi 2.2. Njira imeneyi idachokera ku masamu a Peter Riegel wa ku America, amene adawatulutsa mu 1977, ndipo aphunzitsi a masewerawa amawagwiritsabe ntchito. Ngati makilomita 10 mwawathamanga mphindi 55, theka la marathoni lidzakutengerani maola awiri ndi mphindi imodzi. Ngati mwatha ola lathunthu, yembekezani maola awiri ndi mphindi 12.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangochulukitsa ndi 2.1, poti mtundawo ndi makilomita 21? Chifukwa miyendo si njinga ya moto, abale. Imatopa. Ndipo masamu a Riegel amagwira kwa munthu amene wazolowera kuthamanga mitunda yaitali. Ngati m'moyo mwanu simunadutsepo makilomita 15 kapena 16 osaima, onjezeranipo mphindi zina zisanu kapena khumi, musadzinamize.

Tsono nkhani yaikulu ya ife a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi dzuwa. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, moti ngakhale galu amakana kuthamangitsa nkhuku. Munthu akamathamanga kotentha, magazi ambiri amapita kukhungu kuti thupi lizizire, minofu ya m'miyendo n'kumalandira ochepa, mtima n'kumagunda mofulumira pa liwiro lomwe lija. Thukuta limatha kutuluka lita yathunthu kapena kupitirira pa ola limodzi. Musaganize kuti izi n'za anthu ofooka okha. Mu 2019 ku Doha, pa mpikisano wa dziko lonse, marathoni ya amayi adaiyamba pakati pa usiku pothawa dzuwa, komabe mwa akatswiri 68 amene adanyamuka, 28 sadamalize. Ngakhale pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo, mu 2021, marathoni adaisamutsira ku Sapporo poopa kutentha komweku. Ngati akatswiri odya bwino, oyenda ndi madokotala awo, amagwa, kuli bwanji ife onyamuka ndi tiyi wopanda mkaka?

Choncho mayeso aja a makilomita 10 achitike mbandakucha, cham'ma 5 koloko, akabaza asanadzaze msewu. Ndipo ngati mpikisano weniweniwo uchitikire kuno kuchigwa nyengo yotentha, langizo langa ndi lakuti pa kilomita iliyonse muonjezerepo masekondi 20 kapena 30. Amene amayembekeza maola awiri avomere maola awiri ndi mphindi khumi. Palibe manyazi pamenepo.

Koma mipikisano yambiri imachitikira kumtunda, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsika. Amati, "Ine ndazolowera ng'anjo ya ku Nchalo, ku Blantyre kozizira kuja ndikaulukako." Mbali ina akunena zoona: thupi lozolowera kutentha limapeza mpumulo kozizira. Koma chigwa chathuchi n'chathyathyathya ngati mphasa, ndipo n'chotsika kwambiri, ku Nsanje sikufika n'komwe mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere. Blantyre ndi Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, kumene mpweya ndi wopepukirako, ndipo Blantyre ndi zitunda zokhazokha. Chimene kuzizira kwakupatsani, chitunda chimalanda. Ndiye musachotse ngakhale sekondi imodzi pa masamu anu aja poganiza kuti kumtunda n'kophweka. A ku Chikwawa muli ndi mwayi: wolokani mlatho wa Kamuzu, mukakwere chitunda cha ku Thabwa kamodzi pa sabata, koma mosamala ndi malole otsika phirilo. A ku Nsanje yang'anani kumapiri a kumadzulo, cha ku Chididi.

Tsiku la mpikisano, mdani wanu ndi makilomita atatu oyamba. Nyimbo zikulira, anthu akukuwa, atsikana akuimba m'manja, ndipo aliyense amanyamuka ngati akuthawa ng'ona. Alekeni apite. Inu yambani mochedwerako, masekondi 10 kapena 15 kuposa liwiro lanu lija. Ngati pa kilomita yachisanu simungathe kuyankhula mawu angapo kwa amene ali pambali panu, mwafulumira. Gwirani liwiro lanu mpaka kilomita ya 15. Mukafika pamenepo muli ndi mphamvu, ndiye tsegulani. Ambiri mwa aja adakusiyani poyamba mudzawadutsa akuyenda, manja ali m'chiuno. Amene alibe wotchi yodula asadandaule, ya pa msika yowerenga masekondi imakwana. Lembani pa mkono ndi bolopeni nthawi imene muyenera kufika pa kilomita 5, 10 ndi 15. Kwa wa maola awiri, ndi mphindi 28 ndi theka, mphindi 57, ndi ola limodzi ndi mphindi 25.

Za madzi, imwani pang'onopang'ono paliponse pamene akugawa, osati kudzaza mimba ngati ndowa. Madzi ochuluka mopitirira opanda mchere nawonso amadwalitsa. Mukamaliza kuthamanga mtunda wautali, kapaketi ka Thanzi kamathandiza kubweza mchere wotayika ndi thukuta.

Pali china chimene sindiseka nacho. Kuno kwathu malungo ndi mlendo wa tsiku lililonse. Ngati thupi latentha sabata ya mpikisano, kapena mwangomaliza kumene kumwa mankhwala a malungo, khalani pansi, ngakhale ndalama yolembetsera mwalipira kale. Ndipo amene akuyendetsa mipikisano, makamaka kuno kuchigwa, atiyambitsire 6 koloko isanakwane, osati kudikira mlendo wolemekezeka amene afike 9 koloko dzuwa litakwera. Mukaona wothamanga akudzandira, akuyankhula zosamveka, kapena sakudziwa kumene ali, musamulimbikitse kuti "limba, watsala pang'ono." Muikeni pamthunzi, mum'thire madzi ozizira thupi lonse, mum'pepeze, ndipo mum'thamangitsire kuchipatala.